Mmene mungakhomere mafayilo anu ndi pasiwedi osalipira kalikonse

Tsiku lina ndinapita pa kashopu kena kopulintira mtauni muno kukapulinta kalata, mnyamata wa pamenepo anali atatanganidwa ndi fotokope ndiye anangoti "bwana khalani pa kompyutapo mulowetse nokha fulashi yanu". Nditangokhala pansi maso anga anagwera pa desktop, inali yodzadza thoo ndi mafayilo a anthu ena, wina walemba "ID ya mayi", wina "payslip March", wina "zotsatira za kuchipatala", ndipo pakona chakumunsi ndinaona dzina langa, fayilo yomwe ndinabwera nayo miyezi iwiri m'mbuyomo, momwe munali chiphaso changa cha unzika mbali zonse ziwiri, sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu komanso siginecha yanga. Thupi lonse linachita tsembwe. Aliyense amene anakhala pa mpando umenewo miyezi iwiri yonseyo akanatha kuikopera mu fulashi yake n'kumapita, popanda womufunsa.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuyenda ndi mapepala ofunika ali osakhoma, ndipo zomwe ndinaphunzira ndi zimene ndikufuna ndikugawireni apa abale anga, sizikufuna ndalama, sizikufuna kuti mukhale munthu wa IT, bola muli ndi kompyuta ndi kabandulo kopangira dawunilodi.

Poyamba timvane kaye chinthu chimodzi. Pasiwedi yomwe mumalemba poyatsa laputopu kapena pateni ya pa foni yanu ili ngati loko wa pa geti, amateteza zinthu zikakhala m'kati mwa mpanda basi. Fayilo ikangotuluka, kaya pa fulashi, kaya pa imelo, kaya pa WhatsApp, loko uja watsala kunyumba. Ndiye chofunika n'kukhoma fayilo yeniyeniyo kuti kulikonse komwe ipite izipita yokhomakhoma. Zimenezi ndi zomwe amati encryption, pulogalamu imatenga zolemba zanu n'kuzisokoneza zonse kukhala chiphwirikiti cha manambala chosawerengeka, ndipo chimabwerera mwakale pokhapokha munthu atalemba pasiwedi yolondola. Njira yosokonezera yomwe muziiona kawirikawiri ndi AES-256, anaipanga akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, boma la America linaivomereza mu 2001 ndipo ndi yomweyo yomwe mabanki ndi maboma amagwiritsa ntchito. Mapulogalamu aulere okhomera mafayilo omwe nditchule apa ali nayo, ndiye musaganize kuti poti ndi zaulere ndiye kuti ndi zachabechabe ayi.

Koma pali maloko ena onama, ndipo anthu ambiri amapusitsika nawo. Mu Word muli ka Restrict Editing, mu Excel muli Protect Sheet, mu PDF muli pasiwedi yoletsa kupulinta kapena kukopera. Zonsezi sizibisa kanthu, fayilo imatseguka bwinobwino munthu n'kuwerenga zonse, kungoti pulogalamu ikumupempha mwaulemu kuti asasinthe, ndipo wodziwa amachotsa zimenezo mu mphindi zochepa. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati fayilo ikutseguka n'kuoneka zam'kati musanalembe pasiwedi, imeneyo siyokhoma.

Tiyambe ndi pasiwedi, chifukwa apa ndi pomwe pagona nkhani yonse

Ndikudziwa mukufuna tifike msanga pa zodinadina koma ndiloleni ndichedwepo pano. Pa ATM mukalakwitsa PIN katatu khadi imatsekedwa, n'chifukwa chake manambala anayi okha amakwanira. Fayilo ilibe zimenezo. Munthu akaitenga amakakhala nayo kwawo n'kuisiyira kompyuta kuti iziyesa mapasiwedi usiku ndi usana, palibe amene amuletse, palibe katatu. Manambala anayi amangopereka mapasiwedi 10,000 basi, asanu ndi limodzi 1,000,000, kwa kompyuta zimenezo ndi masewera. Tsiku lobadwa ndiye usanene, masiku onse a zaka 100 ndi pafupifupi 36,500 okha, ndipo mwina tsikulo lalembedwa kale pa Facebook panu. Dzina la mwana wanu, nambala yanu ya foni, Bullets2024, Noma1962, Salimo23, Yohane316, zonsezo ndi zoyambirira kuyesedwa ndi munthu amene amakudziwani ngakhale pang'ono.

Chimene chimalimbitsa pasiwedi kwambiri ndi kutalika. Ine ndimachita chonchi, ndimatola mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana n'komwe, osati mwambi, osati vesi, osati mzere wa nyimbo, koma mawu oti palibe angawaike pamodzi, n'kuthirapo nambala ndi kachizindikiro pakati. Mwachitsanzo bakha-Chigumu-47-njinga-mtsiro-Likoma. Imeneyi musaigwiritse ntchito poti ili kale pagulu, pangani yanu. Kuikumbukira sikuvuta, mungopanga chithunzi m'mutu cha bakha akudya chigumu pa njinga, mukaseka kamodzi simuiwalanso. Zilembo ngati ŵ zisiyeni, pa kiyibodi ina mudzavutika kuzipeza.

Ndiye chenjezo lalikulu, ndipo ndikunena motsindika. Mukaiwala pasiwedi ya fayilo yokhomedwa ndi AES palibe "Forgot password", palibe ofesi yomwe mungapite kukadandaula, ngakhale amene anapanga pulogalamuyo sangakutsegulireni. Zapita basi. Ndiye ilembeni pa pepala n'kuika komwe mumasunga zikalata za malo kapena masatifiketi, osati pa kapepala komata pa laputopu, osatinso mu chikwama chomwe muli fulashiyo. Ngati mapasiwedi achuluka pali pulogalamu yaulere ya KeePassXC pa kompyuta ndi KeePassDX pa Android, imasunga onse m'fayilo imodzi yokhoma inu n'kumangokumbukira imodzi yokha. Ndipo ngati ndi mapepala a banja, a malo, a penshoni, munthu mmodzi amene mumamukhulupirira adziwe komwe kuli pepala lija, moyo sudziwika, ana asadzavutike.

7-Zip, njira yomwe ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku

Mukati muphunzire chimodzi chokha pa zonse zomwe ndalemba apa, phunzirani ichi. 7-Zip ndi kapulogalamu kakale ndithu, anakapanga Igor Pavlov wa ku Russia mu 1999, n'kakang'ono kosakwana ndi 2 MB komwe ndiye bandulo siidandaula. Ubwino wake ndi woti imakhoma chilichonse, Word, Excel, PDF, zithunzi, ma voice note, foda yonse, imazikulunga pamodzi kukhala mtolo umodzi wokhoma.

Pitani pa 7-zip.org, onetsetsani kuti pali kamzere pakati pa 7 ndi zip ndipo ikuthera ndi org, chifukwa pali mawebusaiti ena otengera dzinali omwe amakupatsani pulogalamu yosakaniza ndi mavairasi. Makompyuta ambiri a masiku ano ndi 64-bit x64, sankhani imeneyo, ikatsika idineni kawiri kenako Install, zatha.

Tsopano sonkhanitsani mafayilo omwe mukufuna kukhoma muwaike mu foda imodzi. Dinani fodayo ndi batani lakumanja la mausi. Ngati muli pa Windows 11 simuiona 7-Zip nthawi yomweyo, dinani kaye Show more options pansi penipeni ndiye ituluka. Lozani pa 7-Zip kenako Add to archive, ija yoyamba yokhala ndi timadontho titatu kumapeto, osati zinazo zomwe zimangopanga mtolo osakufunsani kanthu.

Patuluka kawindo kokhala ndi zambirimbiri, musachite mantha, zambirizo sizikukukhudzani. Pamwamba penipeni lembani dzina la mtolo wanu, ndipo apa ganizani pang'ono, dzina ngati "mapepala a ngongole" kapena "zotsatira za magazi" laulula kale nkhani, ingolembani zinthu ngati "zosunga1". Pa Archive format sankhani 7z. Kenako yang'anani kudzanja lamanja chakumunsi pomwe alemba Encryption, lembani pasiwedi yanu pa Enter password, mubwerezenso pa Reenter password. Ngati muli nokha m'chipinda chongani Show Password kuti muone zomwe mukulemba, ine zinandichitikirapo kuti Caps Lock inali yoyaka osadziwa ndipo ndinatha ola lathunthu thukuta lili kamukamu ndisanazindikire chomwe chalakwika. Pa Encryption method pakhale AES-256. Pansi pake pali kabokosi ka Encrypt file names, kameneka kachongeni nthawi zonse, mukapanda kutero munthu amatha kutsegula mtolowo n'kuwerenga mayina a mafayilo onse ngakhale sangathe kuona zam'kati, ndipo nthawi zina dzina lokha ndi lokwanira kukuyalutsani. Dinani OK.

Pafupi ndi foda ija patuluka fayilo yatsopano yothera ndi .7z. Musathamangire kufufuta zoyambirira zija. Yambani mwaiyesa, idineni kawiri, ikufunseni pasiwedi, lembani dala yolakwika muone ikukana, kenako lembani yolondola, tsegulani fayilo imodzi kapena ziwiri muone kuti zili bwinobwino. Pali kabokosi kena kotchedwa Delete files after compression komwe kamafufuta zoyambirira pompopompo, ine sindikachonga, ndimafuna ndione kaye ndi maso anga kuti mtolo ukutseguka.

Nanga zip wamba bwanji, poti ndi imene anthu ambiri anaizolowera? Mutha kusankha zip pa Archive format koma samalani, 7-Zip ikupatsani ZipCrypto kapena AES-256, ZipCrypto ndi loko wakalekale yemwe anthu anadziwa kale kumuthyola, musamudalire. Mukasankha AES-256 zili bwino koma mayina a mafayilo amaonekabe poti zip ilibe njira yowabisira, komanso Windows payokha siitha kutsegula zip ya AES, wolandirayo afunikabe 7-Zip. Ndiye poti afunika pulogalamu ndithu, bola mungopita pa 7z. Wa Android angatsegule ndi ZArchiver, wa Mac ndi Keka.

Ngati ndi kalata imodzi yokha yomwe mumaisintha pafupipafupi

Kumasula mtolo ndi kuumanganso tsiku lililonse n'kotopetsa, tinene mwachitsanzo ndinu msungichuma wa banki m'khonde ndipo muli ndi shiti ya ndalama za anthu yomwe mumalembamo sabata iliyonse, kapena mumasunga mndandanda wa malipiro a antchito. Apa gwiritsani ntchito LibreOffice. Ndi pulogalamu yaulere yogwira ntchito ngati Word ndi Excel, inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice ndipo amaiyang'anira ndi a The Document Foundation ku Germany. Iyi ndiye ndi yayikulu, imapitirira 300 MB, dikirani bandulo ya usiku kapena mukapeze Wi-Fi, mupange dawunilodi pa libreoffice.org.

Tsegulani fayilo yanu, Writer ndi ya makalata, Calc ndi ya mashiti a manambala. Pitani pa File kenako Save As. Musanadine Save yang'anani pansi pa kawindoko pali kabokosi ka Save with password, kachongeni, ndiye mudine Save. Ikufunsani pasiwedi kawiri. Pansi pake pali Options momwe muli Open file read-only ndi pasiwedi ina yachiwiri, imeneyo ndi ya gulu la maloko onama aja, yoteteza zenizeni ndi yapamwambayo. Mukaseva ngati .odt kapena .ods imakhomedwa ndi AES-256, ndipo kuyambira pamenepo nthawi iliyonse mukasintha n'kuseva imakhalabe yokhoma, simuchitanso kubwereza. Ngati wolandira ali ndi Microsoft Office mutha kuseva ngati .docx kapena .xlsx n'kuchonga kabokosi komweko, ikafika kwa iye imufunsa pasiwedi. Amene muli kale ndi Word, njira yake ndi File, Info, Protect Document, Encrypt with Password, bola fayilo ikhale .docx osati .doc yakale ija ya 2003 yomwe loko wake ndi wofooka.

PDF nayo imatheka momwemo. Mu LibreOffice pitani File, Export As, Export as PDF, pamwamba pali matabu angapo, dinani Security kenako Set Passwords. Mupeza malo awiri, Set open password ndi Set permission password. Lembani poyambapo, ndi pomwe pamapangitsa kuti PDF isatseguke. Mukaona kuti Security yafa sikudinika, bwererani pa General muchotse chongi pa PDF/A, mtundu umenewo sulola pasiwedi. Ubwino wa PDF yokhoma ndi woti wolandira safunika kuika pulogalamu ina iliyonse, ngakhale pa foni imangomufunsa pasiwedi basi. Kungoti LibreOffice zakale zimakhoma PDF ndi loko wachikale wotchedwa RC4, ndiye ngati nkhaniyo ndi yayikulu zedi ine ndimaiponyabe PDF ija mu 7z.

PDF yomwe munachita kulandira kapena kusikana, monga chiphaso kapena satifiketi, kuitsegula mu LibreOffice nthawi zina kumasokoneza kaonekedwe, bola PDF24 Creator, yaulere ya pa Windows, ili ndi Protect PDF ndipo imagwira ntchito pa kompyuta panu pomwepo popanda intaneti. Ndanena dala kuti popanda intaneti. Mukasaka pa Google mupeza mawebusaiti ambirimbiri oti "tumizani PDF yanu tikukhomereni ulere", taganizani kaye, mukufuna kubisa chikalata ndiye mwayamba n'kuchipereka chosakhoma kwa munthu amene simukumudziwa, pamodzi ndi pasiwedi yomwe. Ena mwina ndi achilungamo koma inu mudziwa bwanji, chiphaso chanu chisapite kumeneko chonde.

Potumiza

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Munthu wakhoma bwinobwino fayilo, waitumiza pa imelo, pansi pake n'kulemba kuti "pasiwedi yake ndi yakutiyakuti". Ndiye mwakhomeranji. Fayilo idutse njira ina, pasiwedi idutse njira ina, fayilo pa imelo ndiye pasiwedi muimbe foni mumuuze pakamwa, kapena SMS, kapena pa Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga. Ndipo pasiwedi yotumizira anthu ikhale ina, yongopangira tsiku limenelo, osati ija mumakhomera zinthu zanu zonse, chifukwa mukampatsa munthu imeneyo mwampatsa makiyi a nyumba yonse.

Ena amati WhatsApp ili kale ndi encryption nanga kuvutikiranji. Zoona, uthenga ukamayenda panjira umakhala wobisika, koma ukafika fayilo ija imakhala pa foni ya mnzanuyo ili yotsegula, ana akuseweretsa foniyo, mawa yapita kwa okonza mafoni, mkuja yabedwa mu minibasi, kapenanso iye mwini waitumiza molakwitsa ku gulu la mpingo. Ikakhala yokhoma zonsezo sizikuopsani kwenikweni.

Dziwaninso kuti mawebusaiti ofunsira ntchito, sukulu kapena visa nthawi zambiri amakana fayilo yokhoma, kumeneko mutumiza yosakhoma ndithu, koma kope yomwe yatsala kwa inu ndi yomwe muikhome.

Za kopulintira zija ndimachita chonchi tsopano, ndimatenga fulashi ina yopanda kanthu n'kuikamo tsamba lokhalo lomwe ndikufuna kupulinta, ndimapulinta kuchokera pa fulashi pomwepo osakopera pa desktop, ndipo sindilemba pasiwedi yanga yayikulu pa kompyuta ya eni ake chifukwa sindidziwa zomwe zinaikidwamo, pali mapulogalamu ena omwe amajambula chilichonse chomwe mwalemba pa kiyibodi. Akandiuza kuti "tumizani pa WhatsApp yathu tipulinte" ndimaima pomwepo mpaka afufute ndikuona.

Zotsalira zomwe timaiwala

Mwakhoma, mwayesa, zikutseguka. Koma fayilo yoyambirira yosakhoma ija ikadali pomwe inali, 7-Zip siichotsa yokha ngati simunachonge kabokosi kofufutira kaja, ndipo mwina ili ndi anzake. Fufuzani mu Downloads, pa Desktop, mu Documents, mu Sent ya imelo yanu, mu Gallery ya foni ngati munajambula chiphaso ndi kamera, mu foda ya WhatsApp Documents, ndi mu Google Photos ngati foni yanu imakweza yokha zithunzi. Mukadilita pitaninso mu Recycle Bin mukhuthule, kapena gwiritsani ntchito Shift ndi Delete pamodzi kuti isadutsireko.

Ngakhale mutatero fayilo siimafafanizika nthawi yomweyo, kompyuta imangolemba kuti malo awa ndi opanda mwini tsopano, zolembazo zimakhalapobe mpaka china chidzalembedwe pamwamba pake, n'chifukwa chake mapulogalamu ngati Recuva ndi PhotoRec amatha kubweza zinthu zomwe munadilita kalekale. Pa fulashi kapena memory card mankhwala ake ndi awa, samutsani zonse zofunika, dinani fulashiyo ndi batani lakumanja, Format, ndiye muchotse chongi pa Quick Format. Ichedwa ndithu mwina mpaka mutamwa tiyi n'kumaliza, koma imalemba maziro paliponse. Chitani zimenezi musanabwereke munthu fulashi kapena kugulitsa.

Kanthu kena kakang'ono, mukatsegula fayilo muli m'kati mwa 7-Zip osaitulutsa, pulogalamuyi imaika kope yongoyembekezera mu foda ya Temp n'kuichotsa mukatseka, koma magetsi akathima pakatikati kopeyo itha kutsalira. Pa kompyuta yanu si nkhani yayikulu, pa kompyuta ya kuntchito kapena ya mnzanu ndi chifukwa chinanso chosatsegulirapo zinthu zachinsinsi.

VeraCrypt, kwa amene muli ndi katundu wambiri

Ngati mafayilo anu ndi ochuluka ndipo mumawagwiritsa ntchito daily, tinene ndinu loya, namwino wochita kafukufuku, mtolankhani, kapena mumasunga mayina ndi manambala a anthu a bungwe lanu, mitolo ya 7z ikuchulukirani. VeraCrypt imapanga chinthu ngati sefa, fayilo imodzi yayikulu yomwe mukaitsegula ndi pasiwedi imaoneka ngati fulashi yatsopano pa kompyuta, mumaikamo ndi kuchotsamo zinthu mwachizolowezi, mukaitseka yabwerera kukhala chiphwirikiti. Anaiyambitsa Mounir Idrassi ku France mu 2013 kuchokera pa pulogalamu ina yakale ya TrueCrypt, yomwe eni ake anaisiya mwadzidzidzi mu May 2014, ndiye mukaona wina akukuuzani za TrueCrypt dziwani kuti imeneyo inatha. Imagwira pa Windows, Mac ndi Linux.

Mukaiika itseguleni mudine Create Volume, sankhani Create an encrypted file container, kenako Standard VeraCrypt volume. Pa Select File samalani kwambiri, apa simukusankha fayilo yoti ikhomedwe ayi, mukupereka dzina la sefa yatsopano, ndiye pitani pomwe mukufuna ikhale mulembe dzina latsopano. Mukaloza fayilo yanu yomwe ilipo kale iifufuta n'kuika sefa m'malo mwake, anthu ataya zinthu pa sitepe imeneyi. Pa Encryption Options siyani momwe zilili, AES ndi SHA-512 zili bwino. Lembani kukula kwa sefa, ya mapepala okhaokha 1 GB kapena 2 GB ndi yokwana, ndipo ngati ikakhale pa fulashi yomwe inafomatidwa mu mtundu wotchedwa FAT32 isafike 4 GB chifukwa fulashi yotero siilandira fayilo yoposa pamenepo. Lembani pasiwedi, ikakhala yosakwana zilembo 20 ikuchenjezani, mverani chenjezolo. Kenako ikuuzani kuti muyendetse mausi mwachisawawa m'kati mwa kawindoko, zimaoneka ngati zachibwana koma ikutolera manambala osalosereka opangira kiyi, yendetsani mpaka kamzere kapansi kadzadze kakhale kobiriwira, ndiye mudine Format. Mawu oti Format asakuopseni apa, ikukonza m'kati mwa sefa yatsopanoyo basi.

Poigwiritsa ntchito, pa windo lalikulu la VeraCrypt sankhani chilembo chilichonse chomwe chili chopanda kanthu, tinene M, dinani Select File muloze sefa yanu, Mount, lembani pasiwedi, dikirani timasekondi pang'ono. Mukapita pa This PC mupeza drive M yatulukira. Koperani mafayilo anu mmenemo, gwirani ntchito, mukamaliza tsekani mafayilo onse mubwerere ku VeraCrypt mudine Dismount, pa VeraCrypt zatsopano analemba kuti Unmount. Sefa ikakhala yotsegula aliyense wokhala pa kompyutapo akuona zonse, ndiye musaisiye chomwecho popita ku lunch, ndipo musazule fulashi musanaitseke.

Vuto lake ndi loti pa kompyuta ya eni ake siitseguka pokhapokha VeraCrypt ikhalepo kapena mukhale ndi chilolezo cha administrator, komanso pa foni ilibe pulogalamu yakeyake, ndiye ya zinthu zoyenda nazo kapena zotumiza 7-Zip ndi yomwe imathandiza. Chinanso, poti zonse zili mu fayilo imodzi, fayilo imeneyo ikaonongeka, kaya fulashi yafa kaya magetsi athima ikulemba, mutha kutaya zonse nthawi imodzi. Ndiye sefa ikhale ndi kope yachiwiri kwina, muitseke kaye kenako muikopere pa hard drive ina kapena fulashi ina yomwe imakhala kunyumba. Mitolo ya 7z ija ndiye mutha kuikweza ngakhale pa Google Drive mu 15 GB yaulere ija mtima uli m'malo, poti a Google akuona mtolo wokhoma basi. Ine ndimakopera Lachisanu lililonse ndisanatseke laputopu, ndipo kamodzi pa mwezi ndimatsegula kope ya kunyumbayo kuti ndione ngati ikutsegukabe komanso kuti zala zisaiwale pasiwedi.